Melrose: Kalabu ya M'tauni Yaing'ono Imene Inapatsa Dziko Lonse Rugby ya Osewera 7

(Nyimbo yotsegulira ilira, kenako itsike pang'onopang'ono.)

WOULUTSA: Pulogalamu ya lero ikufotokoza mbiri ya kalabu ya masewera a rugby ya Melrose, ya m'tauni yaing'ono ya kum'mwera chakum'mawa kwa dziko la Scotland, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1877 ndipo kwa zaka zoposa 100 inkayendetsedwa ndi anthu ongodzipereka, osalandira malipiro. Kalabu imeneyi ndi imene inayambitsa rugby ya osewera 7 mbali iliyonse, imene lero ikuseweredwa pa mpikisano wa Olympics, ndiponso inatenga ukatswiri wa ligi ya dziko lonse la Scotland maulendo 10 pakati pa 1990 ndi 2018. Pulogalamuyi iyamba ndi kufotokoza za tauniyo ndi malamulo a masewerawa, kenako ilongosola zimene zinachitika mu 1883, mmene zinafalikira, zaka zimene kalabuyi inali pachimake, ndi mayeso amene inakumana nawo ndalama zitalowa m'masewera.

(Nyimbo ikwere pang'ono, kenako ithe.)

GAWO LOYAMBA: TAUNI, ANTHU AKE NDI MASEWERA AWO

WOULUTSA: Melrose ili m'chigawo chotchedwa Scottish Borders, kutanthauza dera la kumalire a Scotland ndi England, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 60 kuchokera mumzinda wa Edinburgh. Tauniyi, imene muli anthu pafupifupi 2,500 okha, inamangidwa pafupi ndi mtsinje wa Tweed, m'munsi mwa mapiri atatu otchedwa Eildon, ndipo inkadziwika kale chifukwa cha nyumba ya amonke imene Mfumu David I inakhazikitsa mu 1136, yomwe mabwinja ake alendo amapita kukaona mpaka lero. Bwalo la kalabuyi, lotchedwa Greenyards, lili pakati penipeni pa tauni, moti munthu akachoka pamsika amangoyenda mphindi zochepa n'kufika, ndipo osewera a Melrose amadziwika ndi yunifomu ya mizere yachikasu ndi yakuda.

Kuti mbiriyi imveke bwino, m'pofunika kufotokoza kaye masewera enieniwo. Rugby imatchedwa ndi dzina la sukulu ya m'tauni ya Rugby ku England, kumene malamulo ake oyamba analembedwa, ndipo imasiyana ndi mpira wamiyendo chifukwa mpira wake ndi wooneka ngati dzira, wosewera amaloledwa kuunyamula m'manja n'kuthamanga nawo, ndipo adani ake amaloledwa kumugwira ndi kumugwetsa. Lamulo limene limapatsa masewerawa maonekedwe ake ndi lakuti mpira suponyedwa ndi manja kupita kutsogolo, koma cham'mbali kapena kumbuyo basi, kotero kuti timu imasendera kutsogolo pothamanga ndi mpirawo kapena poumenya ndi phazi. Wosewera akagunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere wa golo wa adani, amakhala atagoletsa chimene chimatchedwa try, chomwe masiku ano chimapatsa timu mapointi 5, ndipo timuyo imapatsidwanso mwayi womenya mpira kuti udutse pamwamba pa mtanda wa pakati pa mitengo iwiri ya golo, zimene zikatheka zimawonjezera mapointi 2. Timu yathunthu imakhala ndi osewera 15, ndipo 8 mwa iwo ndi amphamvu olimbirana mpira, amene amakolekerana mapewa n'kumakankhana ndi adani awo pa chimene chimatchedwa scrum, pamene 7 otsalawo ndi aliwiro amene amathamanga ndi mpira ukatuluka. Masewera amodzi amatenga mphindi 80.

M'mizinda ya Edinburgh ndi Glasgow, rugby inazika mizu makamaka m'sukulu zolipira za ana a anthu opeza bwino ndi m'makalabu a anthu amene anaphunzira m'sukuluzo, koma m'chigawo cha kumalire zinthu zinayenda mosiyana. Kumeneko anthu ambiri ankagwira ntchito m'mafakitale oluka nsalu ndi majuzi a ubweya wa nkhosa m'matauni monga Galashiels ndi Hawick, ena ankaweta nkhosa ndi kulima, ndipo ena anali amisiri ndi ogulitsa m'masitolo, ndipo anthu amenewa ndi amene anatenga rugby kukhala masewera awo. M'matauni ena a m'derali munali kale mwambo wakale wolimbirana mpira m'misewu, umene ku Jedburgh ukuchitikabe, motero masewera onyamula mpira ndi kugwetsana sanali achilendo kwa iwo. Kalabu ya Langholm inayamba mu 1871, ya Hawick mu 1873, ya Gala mu 1875, ya Kelso mu 1876, ndipo ya Melrose inatsatira mu 1877, kotero kuti m'zaka zochepa chabe tauni iliyonse inali ndi timu yonyamula dzina lake ndi ulemu wake. Mu 1901 makalabu a m'derali anakhazikitsa ligi yawo, ya Border League, imene imadziwika kuti ndi ligi yakale kwambiri ya rugby ya mtundu umenewu pa dziko lonse.

Mfundo ina yofunika ndi ya malipiro. Akuluakulu oyendetsa masewerawa ku Britain ankakhulupirira kuti munthu ayenera kusewera chifukwa chokonda masewera basi, ndipo ankaletsa kulipira wosewera ngakhale ndalama zobwezera malipiro a tsiku limene wajomba kuntchito chifukwa cha mpira. Mkangano pa nkhani imeneyi unachititsa kuti mu 1895 makalabu a kumpoto kwa England apatuke n'kuyambitsa masewera amene pambuyo pake anatchedwa rugby league, pamene otsalawo anapitiriza ndi rugby union, imene inakhalabe yosalipira osewera mpaka mu 1995. Melrose inali mbali ya rugby union, ndipo izi zikutanthauza kuti kwa zaka zonsezo osewera ake ankaweruka kuntchito madzulo n'kupita kokonzekera, ndipo Loweruka ankasewera popanda kuyembekezera kalikonse m'thumba.

(Nyimbo yaifupi.)

GAWO LACHIWIRI: CHAKA CHA 1883

WOULUTSA: Ngakhale kalabu isalipire osewera, imafunabe ndalama zogulira mipira, zosamalira bwalo ndi zoyendera popita kukasewera kwina, ndipo kalabu ya m'tauni ya anthu ochepa imakhala ndi matumba ochepa oti n'kupemphamo. Patangopita zaka zochepa chikhazikitsidwireni, Melrose inali pa mavuto a zachuma, ndipo nzeru yothetsera vutoli inachokera kwa mmodzi mwa osewera ake, Ned Haig, amene anabadwira ku Jedburgh mu 1858 ndipo ankagwira ntchito m'butchala ya David Sanderson, yemwe anali kaputeni wa timuyo. Maganizo a Haig anali akuti kalabuyi ikonze tsiku la masewera, iitane matimu a m'matauni oyandikana kuti apikisane, ndipo anthu alipire pachipata.

Vuto linali la nthawi. Ngati matimu angapo a osewera 15 akanati apikisane mochotsana, masewera alionse n'kumatenga nthawi yake yonse, dzuwa likanalowa mpikisano usanafike pakati, ndiponso palibe thupi la munthu limene likanapirira masewera atatu athunthu ogwetsana m'masana amodzi. Njira imene anapeza inali yochepetsa zinthu ziwiri pamodzi, chiwerengero cha osewera ndi kutalika kwa masewera, koma n'kusiya bwalo lili lalikulu monga mwa nthawi zonse. Timu iliyonse inakhala ndi osewera 7, ndipo masewera alionse ankatenga mphindi 15 zokha, kotero kuti mpikisano wonse, kuyambira ndime yoyamba mpaka yomaliza, ukanatha tsiku lomwelo anthu akuonerera.

Mpikisano woyamba unachitika pa 28 April 1883 pa bwalo la Greenyards, ndipo chikho chimene ankalimbirana chinaperekedwa ndi amayi a m'tauniyo, n'chifukwa chake chinatchedwa Ladies Cup. M'ndime yomaliza munakumana Melrose ndi Gala, timu ya ku Galashiels, tauni yoyandikana nayo imene inali mdani wake wamkulu pa bwalo. Nthawi itatha palibe amene anali atagoletsa, motero anagwirizana zowonjezera nthawi, ndipo m'nthawi yowonjezerayo David Sanderson anagoletsa try, kenako anatulutsa anyamata ake m'bwalo n'kunena kuti chikho ndi chawo, ngakhale kuti a Gala anadandaula kuti nthawi inali isanathe. Mchitidwe umenewo, umene pa tsikulo unautsa mkangano, ndi umene lero uli lamulo lokhazikika pa rugby ya osewera 7, lakuti matimu akafanana mphamvu m'ndime yochotsana, amene wayamba kugoletsa m'nthawi yowonjezera ndiye wapambana.

Chimene Haig ndi anzake anachita pofuna kupeza ndalama chinasintha mtima weniweni wa masewerawa. Pa bwalo lodzaza ndi anthu 30, mipata imakhala yochepa ndipo timu ya anthu olemera matupi imatha kupambana pongokankha ndi kutsekereza, koma pa bwalo lomwelo pakakhala anthu 14 okha, wosewera aliyense amayang'anira dera lalikulu, kotero kuti liwiro, kupirira, kuponyerana mpira molondola ndi kuona mpata msanga zimaposa kulemera kwa thupi. Wosewera mmodzi akalephera kugwira mdani wake, kawirikawiri sipakhalanso wina kumbuyo woti amupulumutse, ndipo n'chifukwa chake zigoli zimachuluka ndipo oonerera sakhala pansi nthawi yaitali. Masiku ano timu imakhala ndi osewera 3 olimbirana mpira ndi 4 othamanga, ndipo masewera amagawidwa m'zigawo ziwiri za mphindi 7 chilichonse. Chofunikanso kwambiri n'chakuti tauni kapena sukulu imene singathe kusonkhanitsa anyamata 15 odziwa mpira ikhoza kupeza 7, motero masewera amene anabadwira m'kusowa anakhala khomo lolowera ena onse osowa.

(Nyimbo yaifupi.)

GAWO LACHITATU: KUCHOKERA KU GREENYARDS KUFIKA KU OLYMPICS

WOULUTSA: Oyamba kutengera nzeruyi anali anansi a Melrose. Kalabu ya Gala inakonza mpikisano wake patangopita chaka chimodzi, mu 1884, ndipo Hawick, Jed-Forest, Langholm ndi makalabu ena a m'chigawochi anatsatira m'zaka zotsatira, mpaka mipikisanoyi inasanduka mwambo wa pachaka umene tauni iliyonse imakhala ndi Loweruka lake lolandira anzake. Kwa zaka pafupifupi 40 masewerawa ankadziwika makamaka m'dera lomweli, koma mu 1926 mpikisano wa Middlesex Sevens unayamba ku London, ndipo mu 1973 bungwe loyendetsa rugby ku Scotland, pokondwerera kuti lakwanitsa zaka 100, linakonza mpikisano wa matimu a mayiko pa bwalo la Murrayfield ku Edinburgh. Mu 1976 unayamba mpikisano wa ku Hong Kong, umene unapatsa mwayi mayiko a ku Asia ndi a pazilumba za m'nyanja ya Pacific kuti aonetse luso lawo pamaso pa dziko lonse.

Mu 1993 unachitika mpikisano woyamba wa chikho cha dziko lonse cha rugby ya osewera 7, pa bwalo lomwelo la Murrayfield, ndipo England ndi imene inapambana. Chikho chimene amuna ankalimbirana pa mpikisano umenewu chinatchedwa Melrose Cup, polemekeza tauni imene masewerawa anabadwira. Mu 1998 masewerawa analowa mu mpikisano wa Commonwealth ku Kuala Lumpur, mu 2009 komiti ya Olympics inavomereza kuti alowenso mu mpikisano wake, ndipo mu 2016 ku Rio de Janeiro timu ya amuna ya Fiji inatenga mendulo ya golide itagonjetsa Great Britain ndi mapointi 43 kwa 7, pamene kumbali ya amayi golide anapita ku Australia. Imeneyo inali mendulo yoyamba ya Olympics m'mbiri yonse ya Fiji, dziko la zilumba la anthu osakwana miliyoni imodzi, ndipo n'zokhudza mtima kuti masewera amene anapangidwa ndi tauni yaing'ono ndi amenenso anakweza dziko laling'ono.

Ku Africa nakonso masewerawa azika mizu. South Africa inatenga golide pa mpikisano wa Commonwealth mu 2014 ku Glasgow ndi mu 2022 ku Birmingham, komanso mendulo ya malo achitatu ku Olympics mu 2016 ndi mu 2024. Kenya inapambana mpikisano wa ku Singapore mu 2016, Zambia inasewera nawo pa mpikisano wa Commonwealth mu 2018 ndi mu 2022, ndipo Zimbabwe inali nawo pa chikho cha dziko lonse chimene chinachitikira ku Cape Town mu 2022, kumene chikho chotchedwa ndi dzina la Melrose chinalimbiranidwa pa nthaka ya Africa. Ned Haig anamwalira mu 1939 asanaone zambiri mwa zimenezi, koma mu 2008 bungwe loyendetsa rugby pa dziko lonse linalemba dzina lake pamodzi ndi la kalabu ya Melrose m'kaundula wa olemekezeka a masewerawa.

Mpikisano wa ku Greenyards nawo sunafe pamene mwana wake anakula. Kwa zaka zambiri unkachitika Loweruka lachiwiri la mwezi wa April, ndipo pa tsiku la mpikisanowu anthu obwera kudzaonerera amachuluka kuposa eni tauni kangapo. Kalabuyi imaitana matimu a alendo ochokera kutali, moti pa chikondwerero cha zaka 100 mu 1983 chikho chinatengedwa ndi French Barbarians ya ku France, mu 1990 chinapita kwa Randwick ya ku Australia imene munali katswiri David Campese, ndipo m'zaka za m'ma 2000 matimu a ku South Africa, kuphatikizapo ya yunivesite ya Stellenbosch, anachitenganso. Ndalama za pa tsikuli zakhala mzati wa chuma cha kalabuyi, monga mmene Haig ankafunira pachiyambi pomwe.

(Nyimbo yaifupi.)

GAWO LACHINAYI: ZAKA ZA ULEMERERO

WOULUTSA: Kukanakhala kulakwitsa kuganiza kuti Melrose imadziwika ndi mpikisano wa tsiku limodzi basi, chifukwa pa rugby ya osewera 15 kalabuyi yatulutsa anthu amene anasenza timu ya dziko lawo. M'zaka za m'ma 1960 David Chisholm ndi Alex Hastie, amene ankasewera moyandikana pa malo awiri olumikiza olimbirana mpira ndi othamanga, anasewera limodzi m'timu ya Scotland monga mmene ankachitira ku Greenyards. Pa nthawi yomweyo m'kalabuyi munali Jim Telfer, mwana wa mbusa wa nkhosa, amene anasewerera Scotland kuyambira mu 1964 mpaka mu 1970, ndipo anasankhidwa mu 1966 ndi mu 1968 kulowa m'timu ya Lions, yomwe imasonkhanitsa osewera opambana a ku England, Scotland, Wales ndi Ireland kuti akasewere ndi mayiko a kum'mwera kwa dziko lapansi. Ntchito yake ya tsiku ndi tsiku inali yauphunzitsi wa sayansi, ndipo pambuyo pake anakhala mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya sekondale ya ku Hawick.

Telfer anatchuka kwambiri atakhala mphunzitsi wa mpira. Mu 1984 anatsogolera Scotland kugonjetsa England, Wales, Ireland ndi France m'chaka chimodzi, chimene m'masewerawa chimatchedwa Grand Slam, ndipo mu 1990 anali wachiwiri kwa Ian McGeechan pamene Scotland inachitanso chimodzimodzi. Mu 1997 anaphunzitsa osewera olimbirana mpira a Lions imene inagonjetsa South Africa kwawo komweko, ndipo mu 1999 anatenganso ndi Scotland chikho cha mayiko asanu aja. Koma pakati pa maudindo akuluakuluwa, munthu yemweyu ankabwerera ku Greenyards madzulo a m'nyengo yachisanu kukaphunzitsa anyamata a kwawo, ndipo ankadziwika ndi kusanyengerera pa nkhani ya kulimbitsa thupi, kubwereza luso limodzi mpaka litakhazikika, ndi kufika msanga pa mpira wosewera akagwetsedwa, kuti timu ya matupi ochepa igonjetse ya matupi akuluakulu poitopetsa ndi liwiro.

Ligi yovomerezeka ya dziko lonse la Scotland inayamba mu 1973, ndipo kwa zaka zambiri zoyambirira Hawick ndi imene inkalamulira. Melrose inatenga ukatswiri wa ligiyi koyamba mu 1990, kenako mu 1992, 1993, 1994, 1996 ndi 1997, kutanthauza maulendo 6 m'zaka 8, ndipo inkagonjetsa makalabu a ku Edinburgh ndi Glasgow amene anali ndi anthu ochuluka oti asankhemo osewera. Mu 1997 inasesa zonse m'chaka chimodzi, pakuti inatenga ligi ya dziko, chikho cha Scottish Cup, ligi ya kumalire ndiponso mpikisano wake wa osewera 7. M'timu ya m'zaka zimenezo munali Craig Chalmers, amene anasewerera Scotland maulendo 60 ndipo anali m'timu ya Grand Slam ya 1990, Bryan Redpath, amene anaseweranso maulendo 60 ndipo anali kaputeni wa Scotland pa chikho cha dziko lonse cha 2003, Graham Shiel, Carl Hogg ndi Doddie Weir, wosewera wamtali amene ntchito yake inali yodumpha kukawakha mpira ukaponyedwa kuchokera kunja kwa bwalo.

Weir, amene anasewerera Scotland maulendo 61 ndipo anali m'timu ya Lions ya 1997, akukumbukiridwa lero pa chifukwa choposa mpira. Mu 2017 analengeza kuti ali ndi matenda a motor neurone disease, amene amawononga mitsempha yolamulira minofu mpaka munthu amalephera kuyenda, kulankhula ndi kupuma, ndipo mankhwala ochiza matendawa sanapezeke. M'malo mobisala, iye anakhazikitsa bungwe la My Name'5 Doddie Foundation, losonkhanitsa ndalama zothandizira kafukufuku ndi odwala, ndipo anagwira ntchitoyi mpaka pamene anamwalira pa 26 November 2022 ali ndi zaka 52.

Funso loti tauni ya anthu 2,500 inatha bwanji kutulutsa osewera otere lili ndi yankho looneka ndi maso. M'mera m'poyamba, ndipo ana a ku Melrose ndi m'midzi yozungulira ankayamba kugwira mpira ali aang'ono, n'kumakwera m'matimu a achinyamata a kalabu yomweyo, ophunzitsidwa ndi anthu amene anavalapo yunifomu yomweyo. Mwana ankakumana ndi wosewera wa timu ya dziko pamsewu, m'sitolo kapena m'kalasi, kotero kuti kusewerera Scotland sikunali loto lakutali, koma chinthu chimene mnansi wachita. Ndiponso matauni a kumalire ali pafupipafupi ndipo amapikisana mwansanje, moti mnyamata ankakula akusewera masewera olimba sabata ndi sabata. Kuseri kwa zonsezi kunali anthu osatchulidwa m'manyuzipepala, olemba mizere ya bwalo, ochapa yunifomu, ophika chakudya cha alendo, ogulitsa matikiti pachipata ndi osunga mabuku a ndalama, pakuti mutu umodzi susenza denga.

(Nyimbo yaifupi.)

GAWO LACHISANU: NDALAMA ZITALOWA M'MASEWERA

WOULUTSA: Mu August 1995 bungwe loyendetsa rugby pa dziko lonse linachotsa lamulo loletsa kulipira osewera, ndipo chigamulo chimenechi chinagwedeza makalabu ang'onoang'ono kuposa ena onse. Kalabu ya m'tauni ngati Melrose sikanatha kupikisana pa malipiro ndi makalabu olemera a ku England ndi France, ndipo bungwe la ku Scotland linasankha kuika ndalama zake m'matimu ochepa a zigawo m'malo mwa makalabu a m'matauni. Doddie Weir anapita ku Newcastle, ndipo m'zaka zochepa anzake ambiri a m'timu yopambana ija anasamukira ku matimu olipira. Palibe chifukwa chowadzudzulira, pakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo munthu amene wapereka thupi lake ku masewera ogwetsana ali ndi ufulu wodyerapo. Komabe zotsatira zake zinali zakuti kalabu imene inkalera wosewera n'kumusunga moyo wake wonse inasanduka nazale yolerera mbande zimene zimakaokedwa kwina. Ngakhale timu yolipira ya chigawo cha kumalire, imene inkasewerera ku Galashiels, inathetsedwa mu 2007, ndipo Scotland inatsala ndi matimu awiri okha olipira, a Edinburgh ndi Glasgow.

Melrose inadutsa m'zaka zouma, koma sinagwe. Inatenganso Scottish Cup mu 2008, ndipo Craig Chalmers atabwerera kudzaphunzitsa timu ya kwawo, inakhalanso katswiri wa ligi mu 2011 ndi mu 2012. Inapambananso ligi mu 2014 ndi mu 2018, komanso chikho mu 2017 ndi mu 2018, ndipo inapitiriza kutulutsa osewera monga Kelly Brown, amene anadzakhala kaputeni wa Scotland. Mu 2019 bwalo la Greenyards linayalidwa udzu wochita kupanga kuti lizigwiritsidwa ntchito chaka chonse, mvula kaya chisanu, ndipo mu 2020 mliri wa Covid-19 unalepheretsa mpikisano wa osewera 7, zimene zinaonetsa mmene kalabu yodalira tsiku limodzi la pachaka ingavutikire tsikulo likasowa. Mpikisanowo unayambiranso mliri utachepa.

(Nyimbo yotsekera iyambe chapansipansi.)

MAWU OTSIRIZA

WOULUTSA: Mbiri ya Melrose ikusonyeza kuti chimene chinakweza kalabuyi sichinali chuma, pakuti inalibe, ndiponso sichinali chiwerengero cha anthu, pakuti anali ochepa. Pamene ndalama zinasowa mu 1883, anthu ake sanatseke bwalo, koma anayang'ana zimene anali nazo, zomwe zinali bwalo limodzi, masana amodzi a Loweruka ndi anansi okonda kupikisana, n'kusula masewera okwanira muyezo umenewo. Pamene ndalama zinachuluka kwina mu 1995 n'kukoka osewera ake, kalabuyi inabwerera ku ntchito imene inkaidziwa bwino, yophunzitsa ana a m'tauni ndi kuwalola kupita akakula. Aliyense amene amayendetsa timu ya m'tauni yaing'ono, ya pasukulu kapena ya pamudzi, kaya ndi ya rugby, ya mpira wamiyendo kapena ya mpira wamanja, amadziwa kulemera kwa mtolo wosowa mpira, yunifomu ndi ndalama ya ulendo, ndipo amadziwanso kupweteka kwa kuona mwana amene wamulera akutengedwa ndi timu ya mumzinda. Ku Melrose mtolo womwewo unasenzedwa ndi wantchito wa m'butchala, bwana wake ndi amayi amene anasonkha ndalama za chikho, ndipo dziko lililonse limene linatenga chikho cha dziko lonse cha amuna pa rugby ya osewera 7 linanyamula m'mwamba dzina la tauni yawo.

Pulogalamu ya lero yathera pamenepa.

(Nyimbo yotsekera ikwere mpaka kumapeto.)